Adapulumuka kaliwondewonde, asagwe ndi shuga

Kuno kunyanja munthu akakuuzani kuti "mwanenepatu, zikukuyanjani," ndiye kuti wakuyamikirani. Mawu amenewa mumawamva pa Kamuzu Road, mumawamva padoko la Nguwo ku Senga Bay, mumawamvanso pamaliro abale otalikirana akakumana. Wouzidwayo amamwetulira n'kuyankha kuti ndi chisomo chabe.

Kwa anthu amene adaona zaka za m'ma 1990 ndi maso awo, mawuwa ndi olemera kuposa momwe ife achinyamata timawamvera. Nthawi imeneyo kuwonda kudali ngati chigamulo cha imfa. Munthu akangoyamba kutha thupi, anthu ankanong'onezana kuti kaliwondewonde wamupeza, ndipo ambiri mwa onenedwawo adatsikiradi kuli chete. Amene adatsala adasunga phunziro limodzi mumtima: thupi likabwerera, moyo wabwerera.

Phunzirolo lidathandiza pa nthawi yake. Koma papita zaka zoposa 20 chiyambireni kugawa ma ARV aulere m'dziko muno, ndipo anthu amene adayamba kumwa mankhwalawa ali ndi zaka 30 kapena 35, lero ndi agogo. Mwa ambiri a iwo, kachirombo ka HIV kadachepa m'magazi mpaka makina oyezera sakukaonanso. Mdani amene akuwayandikira tsopano ndi wina, ndipo nthawi zambiri amafika thupi likuoneka bwinobwino. Mdaniyo ndi matenda a shuga.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Munthu wa zaka zoposa 40 amene ali pa ma ARV akuyenera kudziwa mlingo wa shuga m'magazi mwake monga momwe amadziwira zotsatira za viral load. Ndipo ife abale ake tisiye kuyeza thanzi lake poyang'ana kukula kwa mimba.

Mbadwo umene wakalamba ndi mankhwala

Boma lidayamba kupereka ma ARV aulere m'zipatala zake mu 2004 ndi thandizo la thumba la Global Fund. Ine ndidali mwana wosadziwa kanthu, koma akuluakulu amafotokoza momwe anthu amene abale adawataya kale mtima adadzukira pamphasa n'kubwerera kumunda ndi kunyanja. Mu 2011, dziko la Malawi lidakhala loyamba kukhazikitsa ndondomeko ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV ayambe mankhwala a moyo wake wonse. Mu 2016 khomo lidatseguka kwa aliyense: ukapezeka ndi kachiromboka, mankhwala umayamba osadikira kuti chitetezo chitsike kaye.

Zipatso zake zidaoneka m'kafukufuku wa MPHIA wa mu 2020 ndi 2021. Kafukufukuyu adapeza kuti anthu pafupifupi 9 mwa 100 aliwonse a zaka 15 kupita m'tsogolo ali ndi HIV. Mwa amene ankadziwa momwe m'thupi mwawo mulili, pafupifupi 98 mwa 100 adali pa mankhwala, ndipo mwa omwa mankhwalawo pafupifupi 97 mwa 100 kachiromboka kadali katagonja. Koma pali nambala ina imene sititchulatchula: pakati pa amayi a zaka 45 mpaka 49, mmodzi mwa anayi aliwonse adali ndi kachiromboka. Amayi amenewo lero adadutsa kapena akudutsa zaka 50, msinkhu umene matenda a shuga amakonda.

Nanga shuga wafika pati m'dziko muno? Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009, amene Unduna wa Zaumoyo udachita ndi bungwe la WHO, adapeza anthu oposa 5 mwa 100 a zaka 25 mpaka 64 ali ndi shuga wokwera, pomwe mmodzi mwa atatu adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wina wamkulu wa bungwe la MEIRU ku Karonga ndi ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2018, adapeza nambala yotsikirapo, anthu awiri kapena atatu mwa 100. Chochititsa mantha m'kafukufuku ameneyu n'chakuti anthu anayi mwa 10 odwala shuga sankadziwa kuti akudwala. Adapezanso kuti ngakhale kumudzi, amayi oposa mmodzi mwa anayi adali olemera kupyola msinkhu wawo.

Boma la Salima, malingana ndi kalembera wa mu 2018, lili ndi anthu oposa 470,000. Palibe chifukwa choganizira kuti madoko a Nguwo, Lifuwu, Chikombe ndi Chipoka adatchingidwa ku zimene zikuchitikira Amalawi ena onse.

Chimachitika n'chiyani m'thupimu?

Nsima, mpunga, chinangwa kapena buledi zikafika m'mimba zimasanduka shuga amene amalowa m'magazi. Kuti shugayo achoke m'magazi n'kulowa m'minofu momwe amagwira ntchito, pamafunika insulini, timadzi topangidwa ndi kapamba. Insulini ali ngati kiyi wotsegulira chitseko. Mtundu wa shuga umene umagwira akuluakulu ambiri, wotchedwa type 2, umayamba loko wa chitsekocho akayamba kuchita dzimbiri. Kapamba amayesetsa kupanga makiyi ambiri mpaka amatopa, ndipo shuga amangodzadza m'magazi n'kumawononga pang'onopang'ono maso, impso, mitsempha ya kumapazi ndi mtima.

Dzimbiri limeneli limabwera ndi ukalamba, mafuta a pamimba, kukhala pansi nthawi yaitali komanso kumtundu. Izi n'za aliyense, kaya ali ndi HIV kaya alibe. Koma amene akhala ndi kachiromboka zaka zambiri ali ndi katundu wina woonjezera.

Choyamba ndi kachirombo komweko. Ngakhale kagonje, chitetezo cha m'thupi chimakhalabe chili chilili ngati mlonda wosagona, ndipo kusapuma kumeneku kumasokoneza kagwiridwe ntchito ka insulini.

Chachiwiri ndi mankhwala akale. Amene adayamba ma ARV zaka zoyambirira akukumbukira Triomune, piritsi limene lidali ndi mankhwala a stavudine. Lidapulumutsa miyoyo yosawerengeka, koma kwa ena lidaphwetsa masaya, kuwondetsa miyendo, kusunthira mafuta pamimba ndi kusiya mapazi a dzanzi kapena otentha ngati wapondera makala. Stavudine amadziwikanso kuti amaonjezera mwayi wodwala shuga. Dziko lino lidamusiya pang'onopang'ono kuyambira mu 2011 mpaka cha m'ma 2013, koma zipsera zake zidatsala m'matupi a anthu ena.

Chachitatu ndi mankhwala a lero. Kuyambira mu 2019, Amalawi ambiri adasinthidwira ku piritsi lokhala ndi dolutegravir, limene kuchipatala amalitcha 13A. Awa ndi mankhwala amphamvu, ogonjetsa kachirombo msanga ndipo sasautsa thupi ngati akale aja. Komabe kafukufuku wa ADVANCE ku South Africa ndi wa NAMSAL ku Cameroon, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2019, adaonetsa kuti anthu omwa dolutegravir amaonjezera kulemera kuposa omwa efavirenz, ndipo ku South Africa izi zidaoneka kwambiri mwa amayi. Madotolo a ku Uganda adalembanso mu 2020 za odwala ochepa amene shuga wawo adakwera kwambiri patangopita miyezi atasinthidwa mankhwala. Akatswiri akadakambiranabe kuti gawo la mankhwalawo palokha ndi lalikulu bwanji, chifukwa munthu akachira amanenepanso mwachibadwa.

Apa ndinene mosapsatira: palibe amene akuyenera kusiya kapena kudumphitsa ma ARV chifukwa choopa shuga. Kusiya mankhwala n'kuthawa mvula n'kukagwera m'nyanja. Shuga amapewedwa, amayezedwa ndipo amasamalidwa munthu akumwabe ma ARV ake tsiku ndi tsiku.

Pali zifukwa zinanso zosafunira kuti matenda awiriwa akumane m'thupi limodzi. Shuga amachulukitsa kawiri kapena katatu mwayi wodwala chifuwa chachikulu cha TB, chomwe ndi kale mdani wamkulu wa anthu okhala ndi HIV. Shuga amawononga impso, pomwe tenofovir, mmodzi mwa mankhwala atatu a mu 13A, amafuna impso zogwira bwino ntchito.

Moyo wa padoko udasintha

Ambiri timakhulupirira kuti shuga ndi matenda a mabwana a m'tauni, oyenda pagalimoto ndi kudya masoseji. Koma tayang'anani momwe munthu amakalambira padoko.

Mnyamata amene ankapalasa bwato usiku wonse ndi kukoka chilimira, akakula n'kupeza kangachepe amagula boti la injini n'kulemba anyamata ena. Iye ntchito yake imakhala kudikira pamthunzi, kuwerengera ndalama ndi kusewera bawo. Kadyedwe kokha n'kamene sikasintha: mitanda ya nsima imakhala yomweija ya nthawi imene ankapalasa. Mayi amene ankasenza dengu la nsomba wapansi kupita kumsewu, lero amakwera kabaza kapena njinga yamoto, n'kukakhala tsiku lonse pabenchi la msika. Kukatentha, ndipo Salima pa Okutobala ndi ng'anjo, pakhosi pamadutsa zoziziritsa kukhosi, mafirizi, Sobo ndi thobwa lothira shuga wodzadza dzanja. M'mawa ndi tiyi wa masipuni atatu kapena anayi ndi mandasi.

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo anga, adandilola kuti ndiwatchule m'nkhani ino bola dzina lisatuluke. Iwo amagula usipa padoko, kuyanika pathandala n'kukagulitsa ku Lilongwe. Ma ARV adayamba nthawi ya Triomune, ndipo sadadumphitsepo tsiku lotenga mankhwala. M'zaka zaposachedwazi thupi lidabwera, zitenje zidayamba kuchepa, ndipo pabanja tonse tinkangoyamika.

Tsiku lina ndikuwathandiza kutembenuza usipa, ndidawafunsa kuti, "Azakhali, kodi shuga mudayezetsapo?"

Adaseka. "Iwe mwana iwe, shuga andipeza bwanji ine wodya usipa? Komanso ku ART amandiuza kuti zonse zili bwino."

Sankanama. Zonse zokhudza kachirombo zidalidi bwino. Koma funso la shuga lidali lisadafunsidwepo, ndi iwo kapena ndi wina aliyense. Atakayezetsa m'mawa wina asadadye kanthu, adauzidwa kuti matendawo sadafike, koma ali pamalire. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chimene chidawavuta azakhali si kuchepetsa shuga mutiyi ayi. Chidawavuta ndi mantha akuti akawonda, anzawo apamsika ayambanso kunong'onezana ngati kale lija. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mbadwo uwu udauzidwa ndi achipatala omwe kuti uzidya kwambiri, udapatsidwa chiponde ndi phala la Likuni kuti thupi libwerere, ndipo udaona ndi maso kuti owonda ankasalidwa. Kuuza munthu wotere kuti achepetse thupi popanda kumumvetsa mantha ake n'kungotaya mawu.

Mantha omwewa ndi amene amapangitsa ena kugula mapiritsi onenepetsa pamsika. Ena mwa mapiritsi amenewa ali m'gulu la ma steroid, amene amakweza shuga m'magazi. Munthu amagula yekha matenda ndi ndalama zake kuti anthu asamunene.

Zizindikiro zobisala m'dzuwa

Shuga ndi wakabisira. Amatha kukhala m'thupi zaka osaonetsa kanthu, ndipo zizindikiro zikayamba, kuno kwathu zimapeza pobisala posavuta.

Ludzu losatha timati ndi kutentha. Kudzuka kanayi kasanu usiku kukataya madzi timati ndi ukalamba. Kufooka timati ndi malungo, n'kukagula mankhwala pagolosale. Maso akayamba kuchita chifunga timati ndi zaka. Dzanzi la kumapazi amene adamwa stavudine amati ndi lakale lomwe lija. Bala losapola timati wina watiponda. Kuyabwa kumalo obisika kobwerezabwereza, makamaka kwa amayi, ndi kufooka kwa abambo kuchipinda, zimenezo ndiye sizikambidwa n'komwe. Agogo athu ankadziwa chizindikiro china: nyerere zikamaunjikana pamene munthu wataya madzi, ndiye kuti pali nkhani.

Chopweteka kwambiri n'chakuti shuga akakula amawondetsa. Munthu wa pa ma ARV akayamba kutha thupi chonsecho akudya bwino, iye ndi abale amathamangira kuganiza kuti mankhwala asiya kugwira ntchito. Ena amataya mtima, ena amapita kwa asing'anga, pomwe kadontho kamodzi ka magazi a pachala kakadaulula zonse m'mphindi imodzi.

Tisaiwalenso kuti shuga sagwira onenepa okha. Muno mu Africa anthu ambiri opezeka ndi matendawa ndi a thupi laling'ono. Choncho kuwonda si chiphaso chokanira kuyezetsa.

Manambala oyenera kuwadziwa ndi ochepa. Munthu akayezedwa m'mawa asadadye, atakhala maola osachepera 8 osalawa kanthu kupatula madzi, mlingo wa 7.0 mmol/L kapena kuposa, umene pamakina ena umaoneka ngati 126 mg/dL, umaloza ku matenda a shuga, ndipo achipatala amabwereza kuyeza kuti atsimikize. Malingana ndi WHO, mlingo wa pakati pa 6.1 ndi 6.9 ndiye pamalire paja padapezeka azakhali. Amene ali pamenepo mwayi wobwerera m'mbuyo akadali nawo.

Kupewa kuli m'mbale ndi m'miyendo

Kodi munthu wachikulire angathedi kubweza shuga? Umboni ulipo. Ku America, kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2002, adatsata anthu oposa 3,000 amene adali pamalire. Amene adathandizidwa kusintha kadyedwe, kuyenda mphindi 150 pasabata ndi kuchepetsa thupi pang'ono, adatsitsa mwayi wodwala shuga ndi 58 peresenti. Mwa a zaka 60 kupita m'tsogolo udatsika ndi 71 peresenti. Amene adangopatsidwa mapiritsi a metformin udatsika ndi 31 peresenti. Kunena kwina, agogo ndi amene adapindula kwambiri, ndipo mbale ndi miyendo zidaposa piritsi.

Kuchepetsa thupi kumene ankafuna sikudali koti munthu aoneke wodwala. Cholinga chidali 7 peresenti ya kulemera kwake: munthu wa makilogalamu 80 achotse asanu kapena asanu ndi limodzi basi. Anthu apamsika mwina sangazindikire n'komwe, koma kapamba amazindikira.

Poyambira posavuta ndi zakumwa. Bungwe la WHO limalangiza kuti shuga wothira asapitirire masipuni aang'ono 12 patsiku, ndipo n'kwabwino koposa atakhala 6. Botolo limodzi la 300 ml la zoziziritsa kukhosi zambiri limakhala ndi masipuni 7 kapena 8. Onjezani makapu awiri a tiyi ndi chikho cha thobwa, muona kuti dzuwa lisadafike paliwombo munthu wadutsa kale malire. Boma lathu lili ndi fakitale yakeyake ya shuga, ndipo ambiri amadyera momwemo, koma izi sizikutikakamiza kuthira masipuni anayi. Azakhali adachotsa sipuni imodzi sabata iliyonse mpaka lilime lidazolowera. Langizo limeneli silifuna ndalama, m'malo mwake limasunga ndalama.

Kachiwiri ndi nsima. Palibe Mmalawi amene angamvere langizo loti asiye nsima, ndipo palibe chifukwa chomuuzira zimenezo. Nkhani ndi ufa wake ndi kuchuluka kwake. Ufa woyera umachotsedwa gaga, choncho umasanduka shuga mwachangu. Mgaiwa umakhala ndi gaga wake, umakhalitsa m'mimba. Koma mgaiwa si mankhwala: mitanda inayi ya mgaiwa ndi yambiribe kwa munthu wongokhala. Mpunga wa ku Lifuwu, chinangwa ndi mbatata nazo zili m'gulu lomwelo la zokhutitsa, ndiye si nzeru kuziphatikiza pa chakudya chimodzi. Njira yosavuta ndi kugawa mbale m'maganizo: theka likhale masamba, gawo limodzi mwa magawo anayi nsomba kapena nyemba, gawo lotsalalo nsima.

Apa anthu akunyanja tili ndi mwayi umene a m'tauni amausirira. Usipa, utaka, mlamba ndi kampango ndi ndiwo zabwino kwa munthu woopa shuga, makamaka zophika kapena zootcha kusiyana ndi zosambira m'mafuta. Bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, chigwada ndi therere zimamera kuseri kwa nyumba, ndipo mfutso umatifikitsa m'chilimwe. Nandolo, khobwe, nzama ndi nsinjiro zimakhutitsa osakweza shuga msanga. Mchere wokha tichepetse, chifukwa shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimayendera limodzi ngati mapasa. Nyengo ya mango, limodzi kapena awiri patsiku n'zokwanira, osati kukhalira beseni lonse. Mowa, kaya ndi wamasese kaya kachasu, ndi fodya, zimangothira mafuta pamoto.

Ndikudziwa kuti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale mabanja ambiri amadya chimene chapezeka. Palibe amene akunena kuti wanjala asankhe. Koma miyezi imene chakudya chilipo ndi ndalama za nsomba zikuyenda ndi imene thupi limaunjika mafuta.

Kachitatu ndi kuyenda. Mphindi 150 pasabata ndi theka la ola masiku asanu. Kulima, kutunga madzi, kupalasa njinga ndi kuvina kukwaya zonse zimawerengedwa, bola mtima ugundeko ndi thukuta lituluke. Kuno kotentha, nthawi yabwino ndi m'bandakucha kapena dzuwa litapendeka. Amene amakwera kabaza atha kutsikira patali pang'ono n'kumaliza wapansi. Koma amene mapazi awo ali ndi dzanzi asayende opanda nsapato pamchenga wotentha, ndipo madzulo aliwonse aziyang'ana kuphazi ndi pakati pa zala. Munga kapena mbedza imene munthu sadaimve ikhoza kubala bala lofikitsa podula mwendo.

Sikelo si aliyense ali nayo, koma chingwe chili m'nyumba iliyonse. Dulani chingwe chotalika ngati msinkhu wanu, chipindeni pakati, ndipo muchizunguze pamimba, chapamchombo. Chikalephera kukumana, mafuta a pamimba achuluka. Kwa okhala ndi tepi ya telala, malire amene akatswiri amagwiritsa ntchito ndi masentimita 80 kwa amayi ndi 94 kwa abambo.

Amene adapezeka kale ndi shuga asaiwale kuuza dotolo mankhwala onse amene akumwa. Dolutegravir amachulukitsa metformin m'magazi, choncho mlingo wake umayenera kuunikidwa ndi wachipatala amene akudziwa kuti munthuyo ali pa 13A. Abale athu achisilamu, amene ndi ambiri m'mbali mwa nyanjayi, akakhala pa mankhwala a shuga akambirane ndi achipatala mwezi wa Ramadan usadafike. Ndipo za mabotolo a zitsamba ogulitsidwa m'misika ndi pa Facebook olonjeza kuchiziratu shuga, ndalama zanuzo bola mugulire masamba.

Munthu mmodzi, mizere iwiri

Sikungakhale chilungamo kusenzetsa katundu yense odwala ndi mabanja awo. Gawo lina ndi la momwe chithandizo chathu chidamangidwira.

Kiliniki ya ART ndi chimodzi mwa zinthu zoyenda bwino kwambiri pa zaumoyo m'dziko muno. Ili ndi kaundula, ili ndi masiku oikika, ndipo munthu akasowa amalondoledwa mpaka kumudzi. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, m'zipatala zambiri, ali ndi tsiku lawo, chipinda chawo ndi mzere wawo. Kwa mayi wochokera ku Maganga, Khombedza kapena kwa Makanjira, ulendo wachiwiri ndi ndalama ya thiransipoti yachiwiri komanso tsiku lina losagulitsa nsomba. Ambiri amasankha ulendo umodzi, wa ma ARV, ndipo sitingawadzudzule.

Kuyambira cha mu 2019, anthu amene kachirombo kawo kadagonja amatha kulandira mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi. Kwa msodzi woyendayenda pakati pa Senga Bay, chilumba cha Mbenji, Nkhotakota ndi Mangochi, amenewa ndi madalitso. Koma zikutanthauzanso kuti amaonana ndi wachipatala kawiri kokha pachaka. Maulendo awiri amenewo asamangothera pa kulandira mabotolo.

Njira yophatikiza idayesedwa kale, ndipo si kutali. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo pamodzi ndi Unduna wa Zaumoyo adayamba cha mu 2015 kuona anthu a HIV, shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu ndi mphumu pakiliniki imodzi. Ku Tanzania ndi Uganda, kafukufuku wa INTE-AFRICA, amene zotsatira zake zidatuluka mu 2023, adaonetsa kuti kuphatikiza chithandizo chotere sikusokoneza kugonjetsa kachirombo. Pali phindu linanso: onse akakhala pabenchi limodzi, wodutsa sangaloze chala kuti uyu wabwerera chakuti.

Chipatala cha boma cha Salima chili m'gulu la zipatala zoyambirira m'dziko muno kukhala ndi kiliniki ya PEN-Plus, yosamalira matenda aakulu osapatsirana monga shuga wa type 1, sickle cell ndi matenda a mtima. Ndiye kuti ukadaulo ulipo pa boma pomwe pano. Chofunika n'chakuti kuyeza koyambirira kufike ku zipatala zazing'ono monga Lifuwu, Chipoka, Maganga ndi Khombedza, ndi kuti kamakina koyezera kasamakhale m'kabati chifukwa chosowa timapepala take. Kugwedezeka kwa thandizo la dziko la America kumayambiriro a 2025 kudatikumbutsa kuti ndalama za HIV si zamuyaya. Ngati ndalama zikuchepa, kuona munthu mmodzi kamodzi pa matenda ake onse n'kotchipa kusiyana ndi kumuimika pamizere iwiri.

Magulu a anthu okhala ndi HIV, amene mabungwe monga NAPHAM ndi Salima AIDS Support Organisation akhala akugwira nawo ntchito, adaphunzitsa anthu kumwa mankhwala mokhulupirika pa nthawi imene zidali zovuta. Magulu omwewo atha kubweretsa chingwe choyezera mimba pamsonkhano, kuyenda limodzi m'mawa ndi kuuzana poyera kuti kuchepetsako thupi mwadala si kudwala. Mawu amenewa akachokera kwa mnzako wa pa mzere womwewo amalowa kusiyana ndi a pawayilesi.

Chaka chilichonse dziko limakumbukira matenda a shuga pa 14 Novembala ndi Edzi pa 1 Disembala. Pakati pake pali masiku 17 okha, koma zochitika zake zimakhala ngati za anthu a mayiko awiri osiyana, chonsecho agogo amene akukambidwa ndi mmodzi yemweyo. Akuluakulu a zaumoyo m'boma lino atafuna, tenti yoyezera HIV padoko itha kukhalanso ndi kamakina ka shuga ndi ka BP.

Podikira zimenezo, inu amayi ndi abambo amene tsiku lanu lotenga mankhwala layandikira, pitani m'mawa, ndipo ngati n'kotheka musadye kaye. Mukalandira mabotolo anu musafulumire kutuluka. Pemphani kuti akuyezeni shuga ndi BP, funsani kuti kulemera kwanu kwasintha bwanji poyerekeza ndi zaka ziwiri zapitazo, ndipo manambalawo alembedwe m'buku lanu la kuchipatala. Akakuuzani kuti zoyezera palibe, funsani komwe zili ndi tsiku loti mupiteko. Ndipo inu ana ndi adzukulu, ulendo umenewo aperekezeni.